Njerwa za Agogo ku Fort Johnston

Kwathu ndi ku Kasinje, m'boma la Ntcheu, m'chigwa cha Bwanje m'mene njanji ya ku Salima idutsa. Ife a kuno sitili anthu a kunyanja iai. Tidziwa khasu, ng'ombe ndi thonje, ndipo nsomba itipeza itauma kale m'dengu la munthu wa malonda. Tsono wina angathe kufunsa kuti, Nanga munthu wa kumtunda alemberanji za nyumba za m'mudzi wa kunyanja? Ndilemba chifukwa agogo anga, atate wa atate anga, anasiya thukuta lawo m'nyumba zimenezo. Ndinaziona ndi maso anga ndili mnyamata, ndipo nditabwererako ndili nkhalamba sindinazipeze.

Mudzi umene ndinena ndi uwo lero tiutcha Mangochi. Kale unali kutchedwa Fort Johnston. Uli m'mbali mwa mtsinje wa Shire, pakati pa nyanja yaikulu ndi nyanja ya Malombe. Unayamba m'chaka cha 1891, pamene Bwana Harry Johnston anatuma asilikali ake, ambiri a iwo Amwenye a mtundu wa Asikh, kuti amange linga kutsidya la kum'mawa, moyang'anana ndi mudzi wa mfumu Mponda. Anafuna kutseka njira ya malonda a akapolo, ndiponso kugwira khomo la nyanja, pakuti ngalawa ili yonse yochoka m'nyanja kutsikira ku Shire inayenera kudzera pamenepo. Patapita zaka zowerengeka Boma linasamukira kutsidya la kumadzulo, nalemba misewu yotakata, nabzala mitengo m'mbali mwake, nayamba kumanga nyumba za njerwa.

Agogo anafika kumeneko motere. Inkosi Gomani woyamba ataphedwa ndi asilikali a Boma m'chaka cha 1896, mphamvu ya Angoni a kwathu inathyoka. Anyamata amene anakulira kunyamula chishango anayamba kunyamula katundu wa Azungu kuti apeze ndalama za msonkho wa nyumba. Ntchito imeneyi inali kutchedwa mtengatenga. Nthawi yomweyo a mishoni ya ku Likoma anagula sitima ya pamadzi ku Glasgow, naitcha Chauncy Maples, dzina la bishopu wawo amene anamira m'nyanja m'chaka cha 1895. Sitimayo inadza zidutswazidutswa. Inatsikira pa dooko la Chinde, kumene mtsinje wa Zambezi uthira m'nyanja ya mchere, nikwera Zambezi ndi Shire m'ngalawa. Koma pakati pa Shire pali mathithi, ndipo pamenepo katundu yense anayenda pamitu pa anthu.

Chinthu chimodzi sichinatheke kuchigawa, ndicho boyila, ndiye mphika waukulu wachitsulo wowiritsira madzi oyendetsa sitima. Unalemera matani 11. Anauika pa ngolo ya mikombero yachitsulo, ndipo Angoni 450 anaukoka ndi zingwe, kukwera mapiri ndi kuoloka makwawa. Agogo anali mmodzi wa iwo. Anali kutiuza madzulo pamoto kuti tsiku lina anakoka kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litapendeka, ndipo pocheuka anaona utsi wa moto umene anaphikirapo dzulo lake uli pafupi ndithu. Pokwera phiri anali kuimba. Potsika analibe nyimbo, pakuti aliyense anali kuopa kuti chitsulocho chingawapulumuke ndi kupsinja anzawo. Sitimayo anailumikiza kwa Mponda, nilowa m'madzi m'chaka cha 1901.

Anzawo ambiri anabwerera kumudzi, koma agogo anatsala. Anamva kuti ku Boma latsopano lija afuna anthu oumba njerwa, ndipo masiku amenewo munthu wogwira ntchito kwa Mzungu mwezi wathunthu anali kupereka msonkho wochepa. Anakhala zaka zisanu ndi chimodzi akuponda dothi, kulithira m'chikombole, kuyanika njerwa padzuwa, kuzisanja mu uvuni ndi kusonkhezera moto usiku wonse. Anaphunzira Chiyao, nadwala malungo kawiri, nabwera kumudzi ndi bokosi lachitsulo ndi nsalu za biriwita.

Pali chinthu chimodzi chimene anali kunyadira koposa. Oumba njerwa anali ambiri, ndipo kapitao anali kuwerenga ntchito ya munthu aliyense madzulo. Kuti njerwa zisasokonezeke, munthu aliyense anali ndi chizindikiro chake chimene anali kulemba ndi chala pa njerwa yotsiriza ya mzere, dothi likali lofewa. Wina anali kuboola timaenje tiwiri, wina mtanda. Agogo anali kulemba timizere titatu tokumana pansi, ngati phazi la nkhuku. Sanadziwe kulemba dzina lawo kufikira imfa yawo, koma anali kunena kuti, "Ine ndinalemba kalata ku Fort Johnston, ndipo mvula siingaifafanize."

Anamwalira m'chaka cha 1958. Patapita zaka ziwiri, ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, atate ananditenga pa ulendo wawo wokagula nsomba. Tinamanga thumba la nyemba pa njinga, ndipo ine ndinali kukhala pa thumbalo potsika, ndi kukankha pokwera. Tinagona panjira usiku umodzi. Tsiku lachiwiri madzulo tinaona migwalangwa ndi milambe, mphepo ninunkha nsomba, ndipo atate anati, "Mwana wanga, tsuka maso, tafika."

Sindinaonepo mudzi wotere chibadwire. Pafupi ndi mtsinje panali nsanja ya koloko, yomangidwa m'chaka cha 1903 kukumbukira Mfumukazi Victoria. Kumunsi kwake kunali dooko, ndi pantoni yoolotsa anthu, njinga ndi magalimoto, pakuti mlatho kunalibe. Kuchokera pamenepo msewu unalowa m'mudzi, ndipo uku ndi uku kunali nyumba za makonde aatali: sitoro ya Mandala, nyumba za Boma, nyumba zosungiramo katundu wa sitima, ndi masitoro a Amwenye ondondozana. Nyumbazo zinali zofupika koma zotakata. Makoma ake anali ochindikala, opakidwa njereza, madenga a malata ofiira ndi dzimbiri, ndi nsanamira za njerwa zochirikiza khonde. Dzuwa la kumeneko liotcha ngati moto, koma munthu akalowa pa khonde lotere thukuta linali kuuma msanga. Omanga aja anadziwa dziko limene anali kumangamo.

Pa khonde lili lonse la Mmwenye panali telala ndi makina ake osokera. Mkati munali fungo limene ndikalimva ngakhale lero nditsinzina: fungo la sopo, palafini, mchere, nsalu yatsopano ndi zofukiza zawo. Akazi a Chiyao anali kusankha mikanda mosafulumira. Asodzi anali kugula ulusi wa makoka ndi mbedza. Atate anagulitsa nyemba zawo kwa Mmwenye wina wachikulire amene anawadziwa kale, ndipo iye anandipatsa shuga wodzaza dzanja monga basela. Usiku anatilola kugona pa khonde lake pamodzi ndi alendo ena, mlonda atasonkha moto.

Ndisaname kuti zonse zinali zokoma. Panali nyumba zina zimene munthu wakuda sanali kulowa pa khomo la kumaso. Ku kalabu ya Azungu atate anandigwira dzanja kuti tidutse kutsidya lina la msewu. M'masitoro ena munthu wakuda anali kugulira pa zenera, chipewa chili m'manja. Ndinaona zimenezi, ndipo sindinaziiwale.

M'mawa mwake, tisanapite kukagula nsomba, atate ananditengera kuseri kwa sitoro imene tinagonapo. Kumeneko khoma silinapakidwe njereza, ndipo pamwamba pa mpanda wa njerwa wozinga bwalo la kuseri, njerwa zinagona chagada, nkhope zake zili poyera. Atate anayenda pang'onopang'ono akusisita ndi dzanja. Tsono anaima, nandinyamula m'khwapa ngakhale ndinali wamkulu kale, nati, "Penya apa." Ndinaona timizere titatu tokumana pansi. Ndinaika chala changa m'menemo, ndipo chinalowa chonse ndi kutsala malo, pakuti chala cha agogo chinali chachikulu. Tinapeza njerwa zinayi zotere pa mpanda umenewo. Atate sananene mawu ambiri. Anavula chipewa, naima kanthawi, ndipo tinapita kudooko.

Pamene ndinali kuzizwa ndi mudziwo, atate anandiuza kuti ndinauona utayamba kale kugona. Anati masiku a agogo sitima zinali kuima mondondozana pa dooko. Chimene chinaufooketsa poyamba ndi madzi. Nyanja inaphwa kwambiri, kotero kuti kuyambira cha m'ma 1915 kufikira cha m'ma 1935 Shire anatsekeka ndi mchenga ndi bango, naleka kuyenda monga kale. Chachiwiri ndi njanji. M'chaka cha 1935 njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima, ndipo katundu wa kumpoto anayamba kukwera sitima ya pamadzi pa Chipoka. Pambuyo pake ntchito za sitima zinakhazikika ku Monkey Bay. Njanji imeneyi ndi yomwe idutsa kwathu kuno. Anthu a ku Kasinje anakondwera nayo pakuti inanyamula thonje lawo, osadziwa kuti inali kulanda chakudya cha msewu umene abale awo anaumanga.

Dziko litalandira ufulu dzina la Fort Johnston linachoka, nilowa la Mangochi. Mlatho unamangidwa, pantoni nileka. Tsono m'zaka za m'ma 1970 Boma linalamula kuti Amwenye achoke m'midzi ndi m'maboma aang'ono, akachite malonda awo m'mizinda yaikulu yokha monga Blantyre, Zomba ndi Lilongwe. Masitoro awo anagulidwa ndi anthu a dziko lino. Ena anawasunga bwino. Koma ambiri analibe chuma chodzaza mashelefu aja, ndipo sitoro yopanda katundu siibweza ndalama zogulira lata limodzi. Nyumba iyamba kufa ndi denga. Lata likaboola, mvula ilowa m'mitengo ya denga, chiswe chitsata chinyontho, ndipo njerwa zakale zija, zimene zambiri anazimanga ndi dothi kapena laimu osati simenti, zimasukana. Pakapita dzinja lachisanu kapena lachisanu ndi chimodzi khoma ligwa lokha usiku popanda wolikankha.

Ine ndinapitanso ku Mangochi kangapo pa zaka za ntchito yanga, koma nthawi zonse ndinali wofulumira. Ndinali kuona sitoro ija ili chitsekere, ndi kunena mumtima kuti ulendo wina ndidzazungulira kuseri. Ulendo winawo unachedwa zaka zambiri.

M'chaka cha 2022 mdzukulu wanga, mwana wa mwana wanga wamkazi, anali kuphunzira mbiri ya dziko lino ku sekondale. Tsiku lina anali kuwerenga mokweza za Harry Johnston, ndipo ine ndinati, "Mudzi umenewo anaumanga ndi agogo anga." Mnyamatayo anaseka mwaulemu, nati, "Agogo, m'buku muno sanalembe choncho." Mawu amenewo anandilasa. Ndinagulitsa mbuzi imodzi, ndipo sukulu itatsekera tinakwera minibasi.

Tinatsika pafupi ndi mlatho watsopano, umene unamangidwa ndi chithandizo cha dziko la Japan kumayambiriro a zaka za m'ma 2000. Nsanja ya koloko tinaipeza ili chiimire. Pambali pake pali mzinga wa sitima ya nkhondo yotchedwa Guendolen, imene m'mwezi wa August 1914 inaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pa dooko lake kutsidya la nyanja. Palinso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya pa 30 July 1946. Kalabu ija imene atate anaiopa inasanduka nyumba yosungiramo zinthu zakale za kunyanja, ndipo tinalowa pa khomo la kumaso, chipewa chili kumutu. Mdzukulu wanga anakondwera, najambula zonse ndi foni yake.

Pamenepo ndinati, "Tsopano tiye ukaone kalata ya agogo." Ndinawerenga mapazi kuchokera pa nsanja monga ndinakumbukira. Ndinapita, ndinabwerera, ndinapitanso. Nyumba zakale zina zikalipo apa ndi apo, zina zopakidwa utoto wa makampani a mafoni, zina zogamuka makonde. Koma pamalo pa sitoro ija panali nyumba yatsopano ya simenti, ya zitseko zachitsulo, yogawidwa tizipinda tating'ono ta malonda. Inalibe khonde. Anthu ofuna mthunzi anali ataunjikana pansi pa mtengo kutsidya la msewu. Kuseri kunalibe mpanda, koma zinyalala ndi mapepala apulasitiki.

Ndinapeza mkulu wina wokonza njinga pafupi pamenepo, wa msinkhu wonga wanga. Nditampatsa moni ndinamfunsa za sitoro ija. Anati, "Achimwene, mwachedwa. Inakhala bwinja zaka zambiri, anyamata oipa nabisalamo usiku. Mwini malo anaigwetsa, ndipo palibe amene anadandaula." Ndinafunsa kumene njerwa zinapita. Iye anatambasula dzanja kuloza mudzi wonse, nati, "Njerwa zakale n'zolimba kuposa za lero. Anthu anazilimbirana. Zina zili m'maziko a nyumba, zina m'zimbudzi."

Mtima wanga unatentha, ndipo ndinafuna munthu womkalipira. Ku Chinde kuja kumene boyila inatsikira, nyumba za Angerezi zinadyedwa ndi nyanja ya mchere imene inali kukumba gombe chaka ndi chaka, ndipo namondwe wa m'chaka cha 1922 anaononga zotsala. Kumeneko munthu angathe kuloza madzi. Koma kuno madzi sanafike pa sitoro ija. Anaichotsa ndi anthu.

Ndili chikhalire pa benchi la wokonza njingayo ndinakumbukira kanthu kamene kanandichititsa manyazi. Kwathu ku Kasinje nakonso kunali masitoro a Amwenye. Eni ake atachoka, imodzi inakhala yopanda munthu kufikira denga linagwa. M'chaka cha 1981 ine ndemwe ndinapita ndi ngolo ya ng'ombe, ndi kugula njerwa zake pa mtengo wochepa, ndi kumangira khitchini ya akazi anga. Sindinatembenuze njerwa ndi imodzi yomwe kuti ndione ngati inali ndi chizindikiro. Ndinati mumtima, Ndi za Amwenye izi, anapita. Sindinafunse kuti anaziumba ndani. Kapena mdzukulu wa munthu ameneyo anadzafika tsiku lina kudzafuna chala cha agogo ake, napeza thengo.

Apa ndi pamene ndiona kuti tinasokera. Tikaona nyumba yakale ya m'tauni tinena kuti ndi ya Azungu kapena ya Amwenye, ndipo popeza ena a iwo anatinyoza, sitimva chisoni ikagwa. Koma Mzungu analoza ndi ndodo pamene nyumba idzakhale, Mmwenye anawerenga ndalama. Amene anaponda dothi, kutema nkhuni za uvuni, kusenza malata kuchokera kudooko ndi kukwera pa denga dzuwa lili pamutu, anali Ayao, Anyanja, Angoni ndi Alomwe. Boma lili ndi lamulo loteteza zipilala ndi zinthu zakale, ndipo nsanja ya koloko ili m'manja mwa lamulo limenelo. Ndi bwino ndithu. Koma nsanjayo inena za Mfumukazi ya ku England, ndipo mzinga unena za nkhondo ya Angerezi ndi Ajeremani. Nyumba zimene zikadanena za telala, za mlonda, za mtengatenga ndi za woumba njerwa zinali nyumba wamba za malonda, ndipo zimenezo ndizo zinatha mwakachetechete, imodziimodzi.

Sindinena kuti nyumba ili yonse yakale iyenera kukhala. Mwini malo ali ndi ana ofuna fizi, ndipo bwinja silidyetsa munthu. Mudzi wa Mangochi wakula, anthu achuluka, afuna malo ogulitsiramo. Chimene chindiwawa ndi chakuti sitoro ija inagwa popanda munthu woijambula, kapena wolemba chaka chimene inamangidwa, kapena wofunsa nkhalamba za pafupi kuti munali kukhala yani. Kukadakhala munthu mmodzi wotola njerwa ziwiri zitatu za zizindikiro ndi kukaziika m'nyumba ya zinthu zakale ija, imene ili pafupi pomwepo, mdzukulu wanga akadaika chala chake m'mene ine ndinaika changa.

Wokonza njinga uja ataona kuti nkhope yanga yagwa, anati, "Dikirani pang'ono." Analowa kuseri kwa kanyumba kake, natuluka ndi njerwa imodzi imene anali kukhomerapo zitsulo. Anati inachokera pa mulu wa sitoro yomwe ija. Inali yaikulu kuposa njerwa za masiku ano, yofiira modera, yolemera ngati mwala. Ndinaitembenuza mbali zonse zisanu ndi imodzi. Inalibe chizindikiro chili chonse. Ndinafuna kumpatsa ndalama, koma anakana, nati, "Tengani, achimwene, mwina inatuluka mu uvuni umodzi ndi za agogo anu."

M'minibasi pobwerera mdzukulu wanga anaifungatira pamiyendo njira yonse. Kondakitala anafunsa ngati ku Ntcheu kulibe dothi, anthu naseka. Titadutsa Golomoti mnyamatayo anandifunsa kuti, "Agogo, chizindikiro chija chinali chotani?" Ndinanyowetsa chala ndi malovu ndi kulemba timizere titatu pa njerwayo. Anatiyang'ana kufikira tinauma, ndipo anatulutsa kope lake la mbiri natilemba m'mphepete mwa tsamba la Harry Johnston.

Titafika kunyumba akazi anga anailandira njerwayo ndi manja awiri, naiyang'ana, nati, "Mbuzi yathunthu, abambo, mwabwera ndi ichi?" Lero ili pakhomo pa khitchini ija ya 1981, ndipo aitsamiritsa chitseko kuti mphepo isachimenyetse. Loweruka lapitali ine ndi mdzukulu wanga tinatenga mpeni ndi kuyamba kupala dothi pa khoma la kuseri la khitchiniyo, mzere ndi mzere. Pa mzere wachinayi kuchokera pansi tinapeza njerwa yomangidwa chammbali, ndipo pankhope pake pali timaenje tiwiri ta chala cha munthu.